Dzino Lobisala M'fupa: Kodi Chithunzi cha X-ray Chimanena Zonse?

Pa mano 32 amene munthu wamkulu amakhala nawo, pali awiri amene amayenda ulendo wautali kuposa anzawo onse asanaonekere m'kamwa. Awa ndi mano osongoka a kumwamba, aja tinkaphunzira ku pulayimale kuti ndi ong'ambira. Mukawerenga kuchokera pakati, ndi lachitatu kumanja ndi lachitatu kumanzere. Dzino limeneli limayamba kupangika mwana adakali wakhanda, kutali m'fupa cha m'mbali mwa mphuno, kufupi ndi kunsi kwa diso, ndipo limatsika pang'onopang'ono mpaka kudzamera pa zaka 11 kapena 12. Ulendo ukatalika, mpata wosochera umakulanso. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi awiri dzinoli limawasocherera n'kukanirira m'fupa osamera, ndipo zimagwera atsikana kawirikawiri kuposa anyamata. Kupatula mano omalizira a kumbuyo kwenikweni, amene amamera munthu atakula, palibe dzino lina lokonda kukanirira ngati ili.

Dzino likabisala chonchi maso saliona, n'chifukwa chake dokotala amalemba kapepala koti mwana akajambulidwe ku X-ray. Masiku ano makolo ambiri m'matauni mwathu akutengera ana awo kukaikitsa mawaya owongolera mano, aja achinyamata amangoti ma braces, ndipo ambiri amabwerera kunyumba ndi chithunzi chakuda mu envulopu kapena chotumizidwa pa foni. Timachiyang'ana pawindo, timaona mano atandandalika ngati njere pa chisononkho, ndipo timakhulupirira kuti mmene chikuonetseramo ndi mmene zilili m'kamwa mwa mwanayo. Si choncho kwenikweni. Pali zinthu zimene chithunzichi chimanena mosaphonya, ndipo pali zina zimene chimapotoza. Kholo loti lilipira ndalama zambiri, mwana wake n'kukhala ndi mawaya zaka ziwiri kapena zitatu, liyenera kudziwa kusiyana kwake.

Chithunzi cha X-ray ndi mthunzi. Usiku magetsi akazima, yatsani kandulo n'kuika dzanja pakati pa kanduloyo ndi khoma. Mukasendeza dzanja kufupi ndi kandulo mthunzi umakula, mukalisendeza kukhoma umachepa. Mukaloza chala chopendekeka, mthunzi wake umafupika ngakhale chalacho sichinasinthe. Ndipo mukaika manja awiri, lina kutsogolo lina kumbuyo, pakhoma amaoneka ngati agundana pamene pakati pawo pali mpata woti mbale itha kudutsapo. X-ray imagwira ntchito chimodzimodzi. Cheza chake, chimene Wilhelm Röntgen anachitulukira ku Würzburg m'dziko la Germany mu Novembala 1895, chimadutsa mnofu mosavuta koma chimatchingidwa ndi mafupa ndi mano, ndiye zolimbazo zimasiya mthunzi woyera pa filimu. Patangopita milungu yochepa, mu Januwale 1896, dokotala wa mano dzina lake Otto Walkhoff anajambulitsa mano ake omwe, atakhala chete osagwedezeka kwa mphindi 25. Makina a lero amatha ntchitoyi m'kamphindi ndipo cheza chake n'chochepa kwambiri, koma vuto la mthunzi silinachoke: chinthu chokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo chimaphwathalala pa pepala limodzi.

Chithunzi chimene ambiri timapatsidwa ndi chija chachitali choonetsa m'kamwa monse, kuchokera kukhutu lina kufika kukhutu linzake. Pa kapepala ka dokotala pamalembedwa kuti OPG. Njira yojambulira motere anaikonza kwambiri ndi Yrjö Paatero wa ku Finland, m'zaka za m'ma 1940 ndi 1950. Wojambulidwa amaimirira n'kuluma kapulasitiki ndi mano akutsogolo, kenako makina amazungulira mutu kwa masekondi osapitirira 20. Mbali yotulutsa cheza imadutsa kunkhongo, mbali yolandira mthunzi imadutsa kumaso. Pa zinthu zina chithunzichi n'chodalirika kwambiri, ndipo sindikufuna kuti wina amalize kuwerenga nkhaniyi akuchinyoza. Chimawerenga mano bwino. Chimanena ngati dzino lachikulire lilimo m'fupa kapena silinapangike n'komwe, ngati pali dzino lowonjezera limene latseka njira ya linzake, ngati mizu ya mano aubwana yayamba kusungunuka, ngati m'nsagwada muli chotupa. Chimaonetsanso ngati dzino long'ambira lidakali m'mwamba kwambiri kapena latsika, ndiponso ngati lagona chopingasa. Amenewa ndi mafunso oti diso ndi chala sizingayankhe.

Mavuto amayamba tikafuna kuyeza. OPG imakulitsa chilichonse, kawirikawiri ndi magawo 20 mpaka 30 pa 100, ndipo sikulitsa mofanana paliponse. Kutalika kwa dzino kumakula ndi mlingo wina, m'lifupi mwake ndi mlingo winanso, ndipo kutsogolo kwa nsagwada kumasiyana ndi kumbuyo. Choncho munthu sangatenge rula n'kunena kuti malo atsalawa ndi mamilimita 6 pamene dzino likufuna 8. Kuyeza koteroko kumachitika m'kamwa mwenimwenimo, kapena pa chikombole cha mano chimene dokotala amaumba. Komanso makinawa amaona bwino kanjira kopapatiza kokha, kokhota ngati chilembo cha U, kamene opanga makina anakakonza potengera nsagwada ya munthu wamba. Dzino lokhala m'kanjirako limatuluka bwino. Lokhala kunja kwake limachita chimbuuzi, kapena limaoneka lonenepa, kapena lopyapyala. Kanjirako n'kopapatiza kwambiri kutsogolo, kumenenso mthunzi wa mafupa a khosi umagwera. Ndiye taganizani: mwana wofunika mawaya ndi yemwe mano ake sali pamzere, ena atulukira kunja, ena alowa mkati. M'kamwa momwe tikufuna kuona bwino kwambiri ndi momwe makina amavutika namo.

Kaimidwe ka mwana pojambulidwa nako kamasintha chithunzi. Akasendera kutsogolo kwambiri, mano akutsogolo amatuluka opyapyala. Akabwerera m'mbuyo, amatuluka onenepa. Akaweramitsa chibwano, mzere wa mano umakhota ngati munthu akuseka. Akachikweza, mzerewo umawongoka kapena kukhotera pansi ngati wakwiya. Akapotoza mutu pang'ono, mano a mbali imodzi amaoneka akuluakulu kuposa a mbali inayo. Lilime likapanda kumatirira kumwamba kwa m'kamwa, mpweya wotsala pamenepo umajambulika ngati mdima umene umaphimba mizu ya mano akumwamba, malo omwewo tapitira kukaona. Apa kholo litha kuthandiza popanda kulipira kalikonse. Usiku woti mawa mukupita, muyeserereni mwana kunyumba: aime chowongoka, atseke milomo, lilime kumwamba, inu muwerenge mpaka 20 iye asanagwedezeke. Mwana wodziwa zimene zikubwera sachita mantha makina akayamba kuzungulira, ndipo sipafunika kujambulanso kachiwiri. Zachitsulo zonse za kumutu ndi m'khosi zichotsedwe: magalasi, mapini a m'tsitsi, zomangira tsitsi zokhala ndi kachitsulo. Ndolo zimaponya mthunzi wabodza mbali ina ya nsagwada, koma pa chokhachi ife a Adventist tinapulumuka kale.

Nkhani ya mizu ndi imene imasokoneza makolo ambiri. Powongola mano, dokotala safuna kuti mitu ya mano yokha ikhale pamzere. Amafunanso mizu iime moyandikana bwino, osagundana, makamaka pamene pazulidwa dzino kuti papezeke malo. Madokotala ambiri amajambula OPG chakumapeto kwa chithandizo kuti aone zimenezi. Mu 2002 ofufuza a pa University of Alberta ku Canada anatenga mano ochita kupanga, amene kupendekeka kwa lililonse anali atakuyeza kale, n'kuwaika m'chibade cha mutu, n'kuwajambula ndi makina anayi osiyanasiyana. Pa miyeso imene anapeza pa zithunzizo, pafupifupi itatu mwa inayi iliyonse inasiyana ndi zoona zake. Kumwamba, mzu wa dzino long'ambira ndi wa dzino lotsatira kumbuyo kwake inkaoneka yotalikirana kuposa mmene inalili. Kumunsi, mzu wa dzino long'ambira ndi wa loyandikana nalo kutsogolo inkaoneka ngati ikukumana, pamene inali itaima bwinobwino. Choncho mukaona mizu ikuoneka yopingasana pa chithunzi cha mwana wanu, musathamangire kunena kuti dokotala waononga. Mufunseni akuonetseni m'kamwa. Dokotala wodziwa ntchito sapinda waya potengera chithunzi chokha. Amaonanso mmene mutu wa dzino waimira ndi mmene mano akumwamba ndi akumunsi akukumanira.

Tibwerere ku dzino lobisala lija. Funso lalikulu pa dzino limeneli ndi lakuti, kodi lili mbali ya mlomo, kutsogolo kwa mizu ya anzake, kapena lili mkati, kumwamba kwa m'kamwa kumene lilime limagunda? Yankho lake ndi limene limauza dokotala koti acheke. Dzino lokanirira nthawi zambiri amalitsegulira njira ndi opaleshoni yaing'ono, n'kumatapo kachitsulo kokhala ndi kaunyolo, kenako mawaya amalikoka pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri mpaka lifike pamalo pake. Kucheka mbali yolakwika ndi kupweteka mwana pachabe ndi kuchotsa fupa losalakwa. OPG imodzi payokha siyankha funsoli motsimikiza, pa chifukwa cha manja awiri aja pakhoma. Imangopereka kachizindikiro. Popeza cheza chimachokera kunkhongo, dzino lokhala mkati limayandikira kumene cheza chikuchokera, monga dzanja loyandikira kandulo, ndiye limaoneka lalikulu kuposa linzake la mbali inayo. Dokotala atha kukaikira nako kachizindikiroka, koma sangachekere munthu pa iko kokha.

Njira yotsimikizira ndi yakale ndithu, ndipo siifuna makina odula. Anaifotokoza ndi Charles Clark wa ku London cha m'ma 1910. Dokotala amaika kafilimu kakang'ono m'kamwa, kuseri kwa mano, n'kujambula. Kenako amaika kena pamalo omwewo n'kujambulanso atasuntha makina pang'ono cham'mbali. Aliyense amene anakwerapo basi ya ku Mulanje akudziwa kale mmene zimagwirira ntchito. Mukayang'ana pawindo, mitengo ya m'mbali mwa msewu imathawira kumbuyo, koma phiri, poti lili kutali, limaoneka ngati likuyenda nanu limodzi. Pojambula tifilimu timeneti, makina amakhala kumaso kwa mwana, osati kunkhongo ngati pa OPG. Choncho dzino la mkati ndilo lili kutali ndi makina, ndilo phirilo: pa chithunzi chachiwiri limasunthira komwe makina asunthira. Dzino la mbali ya mlomo limathawira kwinako ngati mitengo ija. Nthawi zina dokotala amafanizira OPG ndi filimu ina yokulirapo imene mwana amailuma chogoneka, ndipo nzeru yake ndi yomweyi. Tizithunzi tiwiri tating'ono titha kuyankha zimene chithunzi chachikulu chalephera. Ndiye dokotala akati pakufunika kujambulanso pamene muli kale ndi OPG m'manja, musafulumire kuganiza kuti akufuna kukudyerani ndalama. Funsani kuti chithunzi chachiwiricho chiyankha funso lanji. Ngati ali ndi chifukwa, akuuzani m'mawu ochepa.

Pali choopsa china chimene ngakhale tizithunzi tiwiriti titha kuphonya. Dzino losochera likatsamira mzu wa dzino loyandikana nalo, limatha kuudya mwakachetechete ngati chiswe pa nsichi, popanda ululu uliwonse. Mwana amadzangoona dzino lakutsogolo, labwinobwino lopanda chibowo, likuyamba kugwedera. Madokotala awiri a ku Sweden, Sune Ericson ndi Jüri Kurol, anatsata nkhaniyi kwa zaka zambiri. Mu 1987, ndi njira zojambulira zimene zinalipo nthawiyo, anapeza mizu yodyeka pa mano osochera pafupifupi 12 mwa 100 alionse. Mu 2000 anaunika ana 107 a mano osochera ndi makina a CT, amene amajambula fupa modulidwa timagawo, ndipo anapeza kuti pafupifupi theka la anawo mizu inali itakhudzidwa. Sikuti matenda anachuluka m'zaka 13 zimenezo. Kudyeka kwambiri kumachitika kuseri kapena kutsogolo kwa mzu, pamene mthunzi wa dzino losocheralo umaphimba.

Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera makina opangidwira mano otchedwa CBCT. Awa amaonetsa dzino mbali zonse pa kompyuta, moti dokotala atha kulitembenuza ngati akuligwira m'manja, ndipo miyeso yake imakhala yoona. Ndiye bwanji osangojambula mwana aliyense ndi amenewa? Mtengo wake ndi waukulu, amapezeka m'malo ochepa, ndipo koposa zonse amalowetsa cheza chambiri m'thupi. Munthu aliyense amalandira cheza chachilengedwe tsiku ndi tsiku kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'mlengalenga ngakhale m'zakudya. Kafilimu kakang'ono kaja kamafanana ndi cheza chachilengedwe cha tsiku limodzi kapena kucheperapo, OPG ndi cha masiku angapo, pamene CBCT imatha kupitirira OPG kangapo, mwina kakhumi ndi kuposa, malinga ndi makina ndi kukula kwa malo ojambulidwa. Thupi la mwana amene akukula limakhudzidwa ndi cheza kuposa la wamkulu. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri ku Britain ndi ku Ulaya salola kujambula CBCT mwachizolowezi aliyense wofuna mawaya. Amati ijambulidwe pamene zithunzi wamba zasiya funso losayankhidwa, ndipo yankho lake lisintha chithandizo. Ine ndimaona kuti muyeso umenewu ndi wabwino mbali zonse ziwiri. Kholo lokana X-ray iliyonse poopa cheza likuika dzino la mwana pachiswe chifukwa cha chinthu chaching'ono. Kholo lokakamira chithunzi chodula chifukwa ndalama zilipo nalonso silikumchitira zabwino mwanayo.

Chithunzi china chimene owongola mano amakonda ndi cha m'mbali, choonetsa mutu wonse ngati mukumuona munthu cha kukhutu. Chinayamba mu 1931 ndi Holly Broadbent wa ku Cleveland ku America ndi Herbert Hofrath wa ku Germany. Ntchito yake ndi kusiyanitsa ngati mano atulukira kunja chifukwa apendekeka okha, kapena chifukwa nsagwada ina yakula kuposa inzake, pakuti mankhwala ake ndi osiyana. Nachonso ndi mthunzi: mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zimasanjikizana, ndipo madokotala awiri atha kuika timadontho toyezera mosiyana pang'ono pa chithunzi chimodzi. Si mwana aliyense amene amachifuna.

Chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhani yonseyi n'chakuti chida choyamba chopezera dzino losochera si makina ayi, ndi chala. Mwana akakwana zaka 10, msinkhu womwe timamulowetsa ku Pathfinder, sambani m'manja, mutukuleni mlomo wakumwamba, n'kupapasa nkhama m'mwamba, pamwamba pa dzino long'ambira laubwana. Mumve kachotupa kolimba, kosapweteka, konga njere ya nyemba pansi pa khungu. Limenelo ndi dzino lachikulire likubwera, ndipo pofika zaka 10 kapena 11 liyenera kumveka mbali zonse ziwiri. Likamveka mbali imodzi yokha, kapena dzino laubwana la mbali ina laguluka kalekale pamene linzake lili nganganga osagwedera, kapena dzino lachiwiri kuchokera pakati layamba kupendekeka modabwitsa, pitani naye kuchipatala cha mano. Khalaninso tcheru ngati dzino lachiwirilo ndi laling'ono ngati kachikhomo, kapena silinamere n'komwe, kapena ngati m'banja muli wina amene zinamuchitikirapo, chifukwa zimayenda m'magazi.

Kufulumira kuli ndi phindu lalikulu. Ericson ndi Kurol omwe aja anaonetsa mu 1988 kuti kungozula dzino long'ambira laubwana, mwana ali pakati pa zaka 10 ndi 13, kunachititsa mano 78 pa 100 alionse osocherera mkati kubwerera okha panjira m'kati mwa chaka chimodzi, popanda opaleshoni. Mwayi unali waukulu kwambiri pamene nsonga ya dzino losocheralo inali isanadutse pakati pa mzu wa dzino lachiwiri, ndipo ichi ndi chinthu chimene OPG imaonetsa mokwanira. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mwana akapitirira msinkhu umenewu, nthawi zambiri chimatsala ndi opaleshoni ndi zaka za mawaya. Komatu izi sizikutanthauza kuti mutenge ulusi n'kumuzula nokha pakhomo. Pali ana ena amene dzino lachikulire silinapangike, ndipo laubwanalo ndi lokhalo ali nalo, loti litha kuwatumikira zaka zambiri. Chithunzi chiyambe, kuzula kutsatire, ndipo woganiza akhale dokotala.

Zinthu ziwiri zimaopsa makolo pachabe pa msinkhu womwewu. Pa zaka 8 mpaka 10 ana ambiri amakhala ndi mpata pakati pa mano awiri akutsogolo, ndipo mano a m'mbali mwake amayang'ana kunja pang'ono. Kawirikawiri amenewa ndi mano ong'ambira akukankha mizu potsika, ndipo akamera mpatawo umachepa kapena kutsekeka wokha. Kuika mawaya pa mano amenewa nthawi isanakwane kutha kukankhira mizu yake pa dzino limene likubweralo. Chinanso ndi dzino long'ambira limene lamera pamwamba pa nkhama, kunja kwa mzere, chifukwa malo achepa. Ambiri amalitcha dzino lowonjezera n'kupempha kuti lizulidwe. Nthawi zambiri si lowonjezera. Ndi dzino la mzu wautali kuposa onse m'kamwa, limene limagwiriza ngodya ya mlomo ndipo limakhalitsa mpaka ukalamba. Lisanazulidwe, wina awerenge mano onse, m'kamwa ndi pa chithunzi pomwe.

Madokotala a mano m'Malawi muno ndi ochepa, ndipo owongola mano ndi ochepa koposa. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba m'dziko muno mu 2019 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala zambiri za m'maboma mukapeza anthu ophunzitsidwa za mano ku Malawi College of Health Sciences, ndipo iwo atha kupapasa nkhama, kuwerenga mano ndi kukulemberani kalata yopita nayo patsogolo. Ndiye kuti mabanja ambiri adzaonana ndi munthu wina kuboma, wina ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Zomba kapena ku Mzuzu, ndipo chimene chimalumikiza onsewa ndi chithunzi chili m'chikwama chanucho. Chisamaleni. Musachipinde, musachisiye padzuwa kapena ponyowa, ndipo chikhale pamodzi ndi buku la kuchipatala la mwanayo. Ngati chinajambulidwa pa kompyuta, pemphani kuti akupatseni chenichenicho pa flash kapena pa imelo. Chithunzi chojambulidwa ndi foni pawindo n'kutumizidwa pa WhatsApp chimataya tinthu ting'onoting'ono tomwe dokotala amafuna, chimapendekeka ndi mmene munagwirira foni, ndipo filimu ikagwidwa chotembenuza, kumanja kumasanduka kumanzere. Pakona pa chithunzi pamakhala chilembo cha L kapena R. Onetsetsani kuti chikuoneka ndipo chikuwerengeka bwino. Mayi woyembekezera amene waperekeza mwana adikire panja pa chipinda chojambulira, ndipo ngati wojambulidwayo ndi iye mwini, anene asanayambe.

Onaninso kuti pa chithunzi palembedwa dzina la mwana ndi tsiku lojambulira. Mano a mwana wa zaka 10 akuyenda, ndipo chithunzi cha chaka chatha chikuonetsa pamene dzino linali chaka chatha. Koma musachitaye poti chakalamba. Dokotala akaika chakale ndi chatsopano pamodzi, amaona ngati dzinolo likutsika mowongoka kapena likupitirira kulowera pa mzu wa linzake, chinthu chimene chithunzi chimodzi sichingamuuze. Popita kukaonana naye, tengani zonse ziwiri.